Intaneti ya Paulendo Wakunja: Momwe eSIM Imagwirira Ntchito ndi Malire Ake

Munthu amene wawoloka malire a dziko lake masiku ano amafuna intaneti kuyambira pamene waponda nthaka yachilendo, chifukwa tikiti ya basi kapena ya ndege, mapu olondolera njira, galimoto ya hayala, uthenga wopita kwa abale ndiponso mitengo ya katundu amene wapita kukagula, zonsezi zimadutsa pa foni ya m'manja. Kwa zaka zambiri wapaulendo ankasankha pa njira ziwiri zokha, yoyamba kukhala kugwiritsabe ntchito nambala yakwawo pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo yachiwiri kukhala kufunafuna sitolo yogulitsa simukhadi ya dziko limene wafikalo n'kuima pamzere kuti ailembetse. Tsopano pali njira yachitatu yotchedwa eSIM, imene imalola munthu kugula data ya dziko lina asananyamuke pakhomo pake. Njirayi ndi yothandiza, koma phindu lake limapita kwa munthu amene wamvetsa chimene akugula ndipo wakonzekera ulendo usanayambe, pakuti zovuta zake zambiri zimaonekera pa nthawi imene wapaulendo ali kale kutali ndi omuthandiza.

Chimene simukhadi imachita m'foni

Kuti eSIM imveke bwino, m'pofunika kuyamba ndi simukhadi imene aliyense amaidziwa. Kakhadi kameneka sikatulutsa kapena kukoka netiweki monga ena amaganizira, koma ndi chiphaso chimene chimauza kampani ya mafoni kuti mwini foniyo ndani ndipo ndalama zake zidulidwe kuti. M'kati mwake muli nambala yotchedwa IMSI, ya manambala osapitirira 15, imene manambala ake atatu oyamba amasonyeza dziko la kampaniyo, mwachitsanzo 650 ya Malawi, 645 ya Zambia, 643 ya Mozambique, 648 ya Zimbabwe ndi 655 ya South Africa. Mulinso kiyi wachinsinsi amene amadziwika ndi khadilo ndi kampani yake basi, ndipo nthawi iliyonse foni ikafuna kulowa pa netiweki, kampani imatumiza funso la masamu limene khadi lokhala ndi kiyi ameneyu lokha lingathe kuyankha molondola.

Masimukhadi oyamba adapangidwa mu 1991 ndi kampani ya ku Munich m'dziko la Germany yotchedwa Giesecke & Devrient, ndipo anali aakulu ngati khadi la ku banki. Kuchokera nthawi imeneyo pulasitiki yozungulira kachitsulo kake yakhala ikuchepetsedwa, kufikira pa nano-SIM imene idabwera mu 2012. Popeza chofunika pa khadi ndi uthenga umene uli m'kati mwake osati pulasitikiyo, akatswiri adaona kuti kachipangizo kosunga uthengawu kangamatiridwe m'foni momwemo pa nthawi imene foni ikupangidwa, kenako uthenga wa kampani iliyonse n'kumalowetsedwamo kudzera pa intaneti. Kachipangizo komatiriridwako ndi kamene kamatchedwa eSIM, ndipo uthenga wa kampani umene umatsitsidwiramo, womwe uli ndi IMSI pamodzi ndi kiyi wachinsinsi uja, umatchedwa profile.

Bungwe la GSMA, limene limasonkhanitsa makampani a mafoni a padziko lonse, lidatulutsa malamulo a kagwiridwe ntchito ka eSIM ya anthu wamba mu 2016, ndipo chaka chomwecho wotchi ya Samsung Gear S2 idakhala chimodzi mwa zipangizo zoyamba kuwatsatira. Foni ya Google Pixel 2 idabwera ndi eSIM mu 2017, mafoni a iPhone XS ndi XR adatsatira mu 2018, ndipo Samsung Galaxy S20 idabwera nayo mu 2020. Mu 2022 kampani ya Apple idachotseratu malo olowetsera khadi pa mafoni a iPhone 14 ogulitsidwa ku United States, zimene zikusonyeza kumene zinthu zikulowera. Foni imodzi ikhoza kusunga ma profile angapo nthawi imodzi, ngakhale kuti amene angayake pamodzi nthawi zambiri amakhala awiri okha. Ku Malawi makampani a TNM ndi Airtel nawonso amapereka eSIM kwa makasitomala awo, koma imeneyi ndi nambala yakwawo yomwe ija yoikidwa m'njira yatsopano, ndipo mitengo yake munthu akakhala kunja imakhala yofanana ndi ya khadi la pulasitiki.

Chifukwa chimene roaming imadulira

Foni ikatuluka m'dziko lake imasowa nsanja za kampani yake, choncho imapempha kulowa pa netiweki ya kampani ina ya m'dziko lachilendolo, ndipo kubwereka netiweki kotereku ndi kumene kumatchedwa roaming. Kampani yolandira mlendo imayang'ana IMSI, imafunsa kampani yakwawo ngati munthuyo ndi wololedwa, kenako imamutumikira n'kutumiza bilu ku kampani yakwawoko, imene imaikapo phindu lake isanadule ndalama za kasitomala. Mitengo ya pakati pa makampani awiriwa imadalira pangano lawo, ndipo kampani yokhala ndi makasitomala ochepa opita kunja siikhala ndi mphamvu zambiri zonenerera mtengo. N'chifukwa chake mayunitsi amene angakwanire sabata yathunthu kumudzi amatha m'mphindi zochepa munthu akaiwala kutseka data powoloka malire.

M'madera ena maboma ndi makampani adayesetsa kuchepetsa vutoli. Mayiko a European Union adathetsa ndalama zowonjezera za roaming pakati pawo pa 15 June 2017, kotero kuti nambala ya ku France imagwira ntchito ku Germany kapena ku Ireland pa mtengo wakwawo. Mu Africa muno kampani ya Celtel, imene pambuyo pake idakhala Zain kenako Airtel, idayambitsa ndondomeko ya One Network mu 2006 m'mayiko a Kenya, Tanzania ndi Uganda, ndipo mayiko ena a kum'mawa kwa Africa adagwirizananso pambuyo pake zochepetsa mitengo yoimbirana. Komabe mapangano oterewa amagwira ntchito m'chigawo chimodzi chokha, ndipo sathandiza wamalonda wa ku Lilongwe amene wapita ku Guangzhou kapena ku Dubai, wophunzira amene watsikira ku London, kapena Msilamu amene ali pa ulendo wa Hajj ku Mecca.

Mpata umenewu ndi umene makampani ogulitsa eSIM za paulendo, monga Airalo, Holafly, Nomad, Ubigi ndi Saily, adaupeza. Makampaniwa alibe nsanja m'mayiko amene amagulitsira data yake, ndipo chimene amachita chikufanana ndi ntchito ya wamalonda amene amapikula belo la shuga ku holoselo n'kumagulitsa m'timapaketi ting'onoting'ono pa okala yake. Iwo amagula data yochuluka kwambiri kwa makampani aakulu amene ali ndi mapangano a roaming ndi mayiko ambiri pa mtengo wotsika, n'kuigawa m'mabandulo a gigabayiti imodzi, zitatu, zisanu kapena khumi, ogwira ntchito masiku 7, 15 kapena 30. Choncho eSIM ya paulendo nthawi zambiri imakhala roaming yomweyo, kungoti yogulidwa mopikula, ndipo mfundo imeneyi ndi imene imafotokoza kutsika kwa mtengo wake pamodzi ndi zofooka zake zambiri.

Ulendo wodutsa mayiko angapo

Phindu la njirayi limaoneka bwino pa ulendo wa pamsewu wochokera ku Blantyre kupita ku Johannesburg, umene anthu ambiri amayenda chaka chilichonse. Basi imatuluka m'Malawi pa chipata cha Mwanza n'kulowa m'Mozambique pa Zobue, imawoloka mtsinje wa Zambezi pa Tete, imalowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, imadutsa Harare, kenako imawoloka Limpopo pa Beitbridge n'kufika ku Musina m'dziko la South Africa. Pa ulendo umenewu foni imasintha dziko katatu, ndipo kugula ndi kulembetsa simukhadi pa chipata chilichonse n'kosatheka kwa munthu amene basi yake ikumudikira. Bandulo ya chigawo, imene imagwira ntchito m'mayiko angapo pa profile imodzi, imalola wapaulendo kulankhula ndi abale ake njira yonse, makamaka pa Beitbridge pamene kudikira kumatha kutenga maola ambiri. Chimodzimodzinso amene akuuluka kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu kudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi amatha kudziwitsa womuchingamira ngati ndege yachedwa kapena yasinthidwa.

Komabe dzina la chigawo lolembedwa pa bandulo silitanthauza kuti dziko lililonse la m'chigawocho lilimo. Bandulo yolembedwa kuti ndi ya Africa ikhoza kukhala ndi South Africa, Kenya ndi Tanzania koma n'kusiya dziko limene basi idutsemo usiku wonse, choncho wogula ayenera kuwerenga mndandanda wa mayiko pamodzi ndi mayina a makampani amene eSIM idzalowe pa netiweki yawo. Mitengo nayonso imasiyana kwambiri, ndipo kawirikawiri data ya mayiko a ku Ulaya ndi ku Asia imakhala yotsika mtengo kuposa ya mayiko ambiri a mu Africa, kumene mapangano a roaming ndi ochepa ndipo ndi odula.

Zoyenera kutsimikiza ndalama zisanatuluke

Chinthu choyamba ndi foni yeniyeniyo, chifukwa mafoni ambiri a mtengo wotsika amene ndi ofala m'misika ya kuno alibe eSIM, ndipo palibe pulogalamu imene ingaiike m'foni imene idapangidwa popanda kachipangizoko. Njira yachidule yodziwira ndi kuimba *#06#, ndipo ngati pa manambala amene atuluke pali ina yolembedwa kuti EID, ya manambala 32, ndiye kuti foniyo ili ndi eSIM. Dzina la foni palokha si umboni wokwanira, pakuti foni ya mtundu umodzi imapangidwa mosiyana malinga ndi dziko limene ikukagulitsidwa, ndipo mafoni ambiri a iPhone opangidwira msika wa ku China ali ndi malo a makhadi awiri a pulasitiki m'malo mwa eSIM.

Chinthu chachiwiri ndi loko ya kampani. Mafoni ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amene amafika kuno kuchokera ku United States ndi mayiko ena adagulidwa pa ngongole ku kampani ya mafoni, imene idawatseka kuti asalandire nambala ya kampani ina, ndipo foni yotsekedwa chotere imakana eSIM ya paulendo ngakhale ili ndi EID. Pa iPhone zimenezi zimaoneka polowa mu Settings, kenako General ndi About, pamene mzere wa Carrier Lock umanena ngati foniyo ndi yomasuka. Ku Britain bungwe la Ofcom lidaletsa kugulitsa mafoni otsekedwa kuyambira mu December 2021, koma mafoni ogulidwa nthawi imeneyi isanafike akhoza kukhalabe ndi loko.

Chinthu chachitatu ndi malipiro. Makampani a eSIM amatchula mitengo yawo m'madola a ku America kapena m'mayuro, ndipo amalandira ndalama kudzera pa makhadi a Visa ndi Mastercard kapena njira zina za pa intaneti. Kwa munthu wa ku Malawi, kumene ndalama zakunja zakhala zikusowa ndipo kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, nkhaniyi si yaing'ono, chifukwa khadi la ku banki limayenera kukhala lololedwa kulipira kunja ndipo mabanki amaika malire a ndalama zimene zingatuluke. Ndi bwino kufunsa ku banki masiku angapo ulendo usanafike, komanso kuwerengera mtengowo m'makwacha n'kuuyerekeza ndi bandulo ya roaming ya kampani yakwawo, popeza pa maulendo a m'mayiko oyandikana nawo bandulo yoteroyo nthawi zina imakhala yotsikirapo.

Kuika eSIM ndi kusamala data

Munthu akalipira amalandira QR code, yomwe ndi chithunzi cha timabokosi takuda ndi toyera chimene kamera ya foni imawerenga, kapena amauzidwa kudina batani m'pulogalamu ya kampaniyo. Chithunzichi sichisunga data ayi, koma chili ndi adiresi ya kompyuta imene ikusunga profile pamodzi ndi nambala yotsegulira, ndipo foni imayenera kukhala kale pa intaneti kuti iitsitse. Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa, chifukwa amadikira kufika kaye kumene akupita, kumene alibe intaneti yotsitsira chinthu chimene chikanawapatsa intanetiyo. Ntchitoyi iyenera kuchitikira kunyumba kapena pamalo a Wi-Fi yodalirika, wogula atawerenga kaye ngati masiku a bandulo amayamba kuwerengedwa pa nthawi yoika kapena pa nthawi imene foni yalowa koyamba pa netiweki ya dziko lachilendolo. QR code nthawi zambiri imagwira ntchito kamodzi kokha, motero profile ikafufutidwa mwangozi kapena foni ikabedwa, munthu amafunika kulankhula ndi kampaniyo kapena kugula ina.

Akafika kumene akupita, wapaulendo ayenera kusankha eSIM kukhala yotumikira data, kuyatsa data roaming pa eSIM imeneyo, ndi kuitseka pa nambala yakwawo. Kuyatsa roaming pa eSIM kumadabwitsa ena, koma n'kofunika chifukwa profile ija ndi mlendo m'dzikomo monga momwe zafotokozedwera kale. Ndi bwinonso kutseka batani limene limalola foni kusinthira yokha data ku nambala ina netiweki ikafooka, pakuti limatha kubwezera munthu pa mtengo wokwera iye osadziwa. WhatsApp siisintha, chifukwa imamangidwa pa nambala imene idalembetsedwa poyamba ndipo imayenda pa intaneti iliyonse imene foni yapeza.

Kukula kwa bandulo yoyenera kumadalira zimene munthu amachita pa foni. Mauthenga olemba, mapu ndi kuimba kwa mawu okha pa WhatsApp zimadya data yochepa, pamene mavidiyo ndi amene amaimaliza msanga, moti kampani ya Netflix imanena kuti ola limodzi la kanema wa HD likhoza kudya mpaka magigabayiti 3. Foni nayonso imadya data mwakachetechete potumiza zithunzi kumalo osungira a pa intaneti ndi pokonzanso mapulogalamu ake, ndipo ntchito zimenezi ziyenera kuikidwa kuti zizichitika pa Wi-Fi pokha. Mapu a mzinda umene munthu akupita akhoza kutsitsidwiratu pa Google Maps asananyamuke, kuti azigwira ntchito ngakhale pamalo opanda netiweki. Mabandulo olembedwa kuti alibe malire amafunika kuwerengedwa mosamala, popeza ambiri amachepetsa liwiro munthu akadutsa mlingo wina pa tsiku, ndipo ena amaika malire pa kugawira data foni kapena kompyuta ina.

Zimene eSIM ya paulendo singathe kuchita

Ma eSIM ambiri a paulendo ndi a data yokha, alibe nambala yoimbira kapena yolandirira SMS. Izi zikutanthauza kuti nambala yachinsinsi imene banki imatumiza munthu akafuna kulipira ndi khadi, kapena uthenga wa Airtel Money ndi Mpamba, zimapitabe ku nambala yakwawo, imene iyenera kukhala m'foni, yoyaka ndiponso yololedwa kugwira ntchito kunja. Munthu amene wachotsa khadi lakwawo n'kulisiya kunyumba akhoza kupezeka ali ndi intaneti yothamanga koma osatha kutulutsa ndalama zake. Safunsa adadya phula, choncho wapaulendo ayenera kufunsa kampani yake asananyamuke ngati roaming ndi yotsegulidwa pa nambala yake, ngati kulandira SMS kunja kuli ndi mtengo, ndiponso ngati ntchito za ndalama za pa foni zimatheka ali m'dziko limene akupitalo.

Chinanso chimene sichioneka ndi maso ndi njira imene data imadutsa. Pa roaming, data kawirikawiri imayamba yabwerera ku kompyuta za kampani imene idapereka profile isanatulukire pa intaneti, kotero kuti munthu amene ali ku Dar es Salaam akhoza kuoneka ngati ali ku Ulaya kapena ku Hong Kong. Mtunda wautaliwu umachedwetsa kuyankha kwa intaneti pang'ono, umachititsa masamba ena kutseguka m'chinenero chachilendo, ndipo nthawi zina umapangitsa banki kukayikira kuti khadi labedwa. Ku China njira yomweyi imathandiza alendo, chifukwa WhatsApp, Facebook ndi Google, zimene ndi zotsekedwa pa netiweki za m'dzikomo, kawirikawiri zimatseguka pa data ya roaming. Popeza data ya munthu imadutsa m'manja mwa makampani amene iye sakuwaona, ndi nzeru kugula kwa kampani yodziwika kudzera pa pulogalamu yake yeniyeni, osati kwa munthu wosadziwika amene akugulitsa QR code pa masamba a mchezo.

Malamulo a mayiko nawonso amakhudza nkhaniyi. Mayiko ambiri amafuna kuti nambala iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, monga momwe bungwe la MACRA lidalamulira ku Malawi mu 2018 ndiponso monga lamulo la RICA la ku South Africa limene limafuna chiphaso ndi umboni wa kumene munthu akukhala. Ma eSIM a paulendo nthawi zambiri sadutsa m'kaundula wotereyu, ndipo maboma ena sakondwera nazo. Dziko la India lidachotsetsa mapulogalamu a Airalo ndi Holafly m'masitolo a pa intaneti a m'dzikomo mu January 2024, ndipo dziko la Turkey lidatseka masamba a makampani angapo a eSIM mu July 2025, zimene zikuwonjezera chifukwa chogulira ndi kuika eSIM munthu asanachoke kwawo.

Amene eSIM ingamuthandize

Kuchokera pa zonsezi zikuoneka kuti eSIM ya paulendo ndi yoyenera munthu wa ulendo waufupi, wodutsa mayiko angapo, kapena amene akufuna intaneti m'maola oyamba atatsika ndege kapena basi, pamene sakudziwa njira ndipo masitolo mwina ndi otseka. Munthu amene akukakhala miyezi ingapo ku Johannesburg, ku Lusaka kapena ku Leicester amapindula kwambiri ndi nambala ya m'dzikomo, chifukwa data yake imatsika mtengo pa gigabayiti iliyonse ndipo olemba ntchito, eni nyumba, zipatala ndi mabanki amafuna nambala imene angaimbire. Ambiri angachite bwino pophatikiza njira ziwirizi, kugula bandulo yaing'ono ya eSIM ya masiku oyamba kenako n'kulembetsa nambala ya m'dzikomo atakhazikika. Wokonzekera ulendo ayenera kuimba *#06#, kutsimikiza kuti foni yake ilibe loko, kuwerenga mndandanda wa mayiko ndi masiku a bandulo, kuika profile ali kunyumba, ndi kusunga nambala yakwawo yoyaka koma data yake ili yotseka. Amene wachita zisanuzi asananyamuke ndi amene eSIM imamupulumutsira ndalama ndi nthawi.